Zaka Zinayi Zimene Ndinafufuta pa Balaka

Maganizo opita ku Joni anandifika tsiku limene ndinabwerera kunyumba ndi beseni la zitumbuwa lili lodzaza monga ndinachokera nalo. Ndinali nditakhala m'mbali mwa msewu pa Nselema kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo kasitomala wamkulu tsiku limenelo ndinali ine ndemwe. Chaka chimenecho nandolo anagwa mtengo, anthu analibe ngakhale ya chitumbuwa. Banja langa linali litatha, mwana wanga Rashida akuyamba sukulu chosavala nsapato. Ndinatula beseni pakhonde n'kuwauza amayi kuti ine ndanyamuka.

"Wanyamuka kupita kuti, Hawa?"

"Kumene apita anzanga onse."

Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana ndisunga. Koma ukafika uzikaimba, tisamakamve za iwe pamsika."

Kwathu dziko lonse lakumwera lija timangoti Joni, koma ine ndinakathera ku Durban, kunyanja yamchere. Ndinapeza ntchito ya m'nyumba, kuchapa, kusita, kukolopa masitepe amene sankada n'komwe. Tinkagona amayi asanu m'chipinda chimodzi, tonse a ku Machinga, Chiyao chokhachokha moti ukatsinzina unkayesa uli pa Ntaja. Ndalama inkapezeka, sindinama. Mwezi uliwonse ndinkatumiza kumudzi, Rashida anavala nsapato, nyumba ya amayi inafoleredwa ndi malata. Koma kusungulumwa kunalipo kwadzaoneni. Tsiku la Idi loyamba ndinalithera ndikusita malaya a ana a eni ake, misozi ikugwera pa kolala, ine n'kumaisitira pomwepo.

Mwezi wachitatu ndinagula foni ya tachi. Abale, tsiku limenelo ndinayenda ngati msewu ndi wa bambo anga! Wogulitsa uja ananditsegulira imelo, n'kulemba dzina lake ndi pasiwedi kuseri kwa lisiti. Anati ndisataye. Sindinamve kuti n'zachiyani, koma ine pepala sinditaya, ngakhale la sikelo ya Rashida ndili nalo mpaka lero. Ndinalipinda n'kulilowetsa mu pasipoti. Anandiikiranso loko, manambala anayi otsegulira foni.

Lokoyo sinathe sabata. Anzanga anayi aja anali ndi timafoni ta mabatani, ndiye yanga inasanduka ya tonse. Uyu akufuna kuona mwana wake pakanema, uyu akufuna kutumiza mawu kwa amuna ake, uyu akufuna kudzijambula atavala diresi yobwereka. Ndikamasamba ankagogoda kubafa kufunsa manambala, ndikawauza mawa aiwala. Ndinatopa nazo n'kuichotsa. Kwathu foni siikhala ya munthu mmodzi, imayenda m'manja ngati chipande, ndipo woikapo loko amafunsidwa chimene akubisa. Choncho m'fonimo munadzaza miyoyo ya amayi asanu, mapasipoti ojambulidwa, madandaulo, mikangano ya m'mabanja, ndi zithunzi zanga zosawerengeka. Ndinkajambula chilichonse, nyanja, sitima zapamadzi, masitepe oyenda okha a m'masitolo. Ndinkati tsiku lobwerera ndidzakhala pakhonde, mudzi wonse udzandizungulire, ndidzawaonetse chimodzichimodzi mpaka atopa.

Mwa anayi aja, wapamtima anali Mariamu. Tinakulira limodzi pa Nselema. Mwamuna wake Yusufu, telala wofatsa wa ku Nsamala, anatsala pachikamwini kwawo kwa Mariamu akusoka mayunifomu. Analibe mwana, ndipo abale a Yusufu anali atayamba kale kutsokomola za nkhaniyo. Chaka chachitatu Mariamu anayamba kutaya magazi osaleka. Kuchipatala anati m'chiberekero muli zotupa, chiyenera kuchotsedwa chonse. M'mawa wa tsiku la opaleshoni anandipempha foni, anaiimika pa botolo la madzi, n'kudzijambula kanema akulankhula ndi Yusufu m'Chiyao. Ananena zonse, akulira. Atamaliza anandibwezera.

"Ndikapanda kudzuka umupatse," anatero. "Ndikadzuka ndikamuuza ndekha, maso ndi maso. Akamva apongozi anga iyeyo asanamve, amupezera mkazi wina ine ndisanatsegule pakamwa."

Anadzuka, Alhamdulillah, ndipo anachira n'kubwerera kuntchito. Kanema uja ndinkati ndifufuta mawa, mawa lake osafika. Anatsalira momwemo pakati pa zithunzi za nyanja.

Zaka zinayi zitakwana ndinamanga katundu. Mariamu anatsala kuti amalize chaka, koma anandipatsira bulangete la apongozi ake, n'kukonza zoti malume a Yusufu, Che Daudi, adzandichingamire pa depoti ya Balaka kudzalilandira. Ulendo wonse sindinagone ndi chisangalalo. Titalowa pa Mwanza ndinamva wogulitsa nthochi akukuwa m'Chichewa, ndinagula phava lonse ngakhale ndinalibe njala. Pomwepo ndinagulanso layini yakwathu ndi bandulo, n'kuwaimbira amayi kuti, "Ndalowa! Ndalowa m'dziko!" Ndinatsika pa Zalewa n'kukwera minibasi ya ku Balaka, tinapanikizana ndi matumba a makala, ine n'kumangoseka ndekha. Pofika pa Balaka foni inali itazima, moto utatha.

Che Daudi ndinawapeza mosavuta, bambo aatali a ndevu zoyera, kofia kumutu, jekete ngakhale kunkatentha. Tinalonjerana, ndinapereka bulangete, anadalitsa Mariamu ndi ine ndi basi yomwe. Kafoni kawo ka mabatani nakonso kanali katazima, ndiye tinapitira limodzi pa kaokala kotchajitsira mafoni pafupi ndi depoti. Panali mayi wina, analandira mafoni onse awiri, ine ndinalipirira onse. Che Daudi anati akukagula tayala la njinga, akadzatenga kafoni kawo azipita, choncho tinatsanzikana pomwepo. Ine ndinathamangira tchipisi cha pachiwaya chimene ndinachilota zaka zinayi, kenako ndinakaswali kumzikiti.

Pobwerera pa kaokala ndinapeza mayi uja palibe, pali mwamuna wake. Anasanthula mafoni onse, kukweza mawaya, kusuzumira pansi pa tebulo.

"Foni yotere pano palibe, achemwali."

"Ndaisiya pompano! Kwa akazi anu!"

"Iwowo athamangira kumaliro."

"Aimbireni!"

"Foni yawo ndi iyi, ili pamoto."

Ndinakuwa mpaka akabaza anasiya makasitomala kudzaonerera. Wina anati ndipite kupolisi, wina anati yapita kale ku Limbe imeneyo, wina anati kuli sing'anga amabweza mafoni pa tsiku limodzi. Tinaimbira nambala yanga pa foni ya munthu wina, sinkapezeka. Ndinakayikira aliyense, bambo wa kaokala, mkazi wake, akabaza, ngakhale mayi wondigulitsa tchipisi. Ndili mkati molirira zithunzi zanga mtima unagunda kwina. Foni ilibe loko, ndipo muli Mariamu ali pabedi la chipatala akunena chinsinsi chake chonse. Kuno kanema wotere akagwera m'manja mwa munthu wopanda chisoni, dzuwa lisanalowe ali m'mafoni a boma lonse, ndipo Balaka ndi kwawo kwa apongozi ake. Ndinangokhala pa chikwama.

Amene anandidzutsa ndi Mayi Mbewe, a shopu yojambula mapepala yoyandikana ndi kaokala. Anandigwira dzanja n'kundilowetsa mkati, kutali ndi alangizi a pamsewu aja. Ndinawafotokozera osatchula dzina la munthu, ndinangoti m'fonimo muli ulemu wa mnzanga.

"Imelo ya foniyo mukuidziwa?" anafunsa.

"Iyayi... dikirani."

Ndinatulutsa pasipoti, lisiti lija lili momwemo, lofiira ndi thukuta koma lowerengeka. Mayi Mbewe anaomba m'manja. Analemba pa kompyuta yawo, ndipo dzina la foni yanga linatulukira pagalasi. Ndinadumpha ngati ndaipeza. Iwo anandikhazika pansi n'kundiuza kuti foniyo ndi yozima, pamene ili sipakuoneka, koma tikhoza kuitumizira lamulo, ndipo ikangoyaka n'kugwira netiweki idzamvera. Malamulo ake analipo awiri, kuitseka ndi loko kapena kufufuta zonse.

"Tikatseka, zinthu zanu zikhalamo, mukaipeza mudzazipeza. Tikafufuta, zapita. Zithunzi zanu munkazisunganso pa imelo?"

Ndinali nditazimitsa zimenezo kalekale chifukwa zinkadya bandulo. Ndinafunsa ngati loko ingathyoledwe. Anati kawirikawiri siithyoka, koma sangandilumbirire za amisiri onse a m'misika. Ndinaona nyanja ija, ndinaona khonde la amayi ndi mudzi utandizungulira. Zinandiwawa, sindibisa, chifukwa zaka zinayi za kukolopa umboni wake unali umenewo. Koma zithunzi zinali zanga, pomwe banja limene likanatha linali la mwini.

"Fufutani," ndinatero.

"Dinani nokha, ndi zanu."

Ndinadina. Mayi Mbewe anasinthanso pasiwedi, n'kundichenjeza kuti ndisathamangire kukatseketsa layini lero lomwe, chifukwa lamulolo lidutsira pa layini yomweyo. Anati ndidikire masiku awiri. Ndinafuna kuwalipira, anakana, anangoti foni yotsatira ndidzaike loko ngakhale atandinena bwanji.

Kufika pa Nselema kunali phwando. Amayi anaimba nthungululu kuchokera pakhonde mpaka kumsewu, Rashida atatalika kundifika paphewa, ananditsamira n'kumangondinunkhiza. Ndinagawa zitenje, maswiti, mafuta odzola, ndinavina ndi azakhali mpaka fumbi. Kenako anthu anakhala pansi n'kuyamba kufunsa zithunzi. Nditanena kuti foni yabedwa pa Balaka, mchimwene wanga Jafali anapukusa mutu.

"Ndiye nyanja yamchere ija tiione pati? Achemwali, nenani zoona, inu munali pa Limbe pompa mukugulitsa tomato."

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo, koma mkati munali moto. Lamulo lija lafika kapena likudikirabe? Yusufu anabwera kudzandilonjera, anafunsa za mkazi wake mwaulemu, ine ndinati ali bwino, maso anga ali pa mapazi ake. Masiku awiri amenewo ndikaona anthu awiri ataweramira foni imodzi pamsika, thukuta linkandituluka.

Tsiku lachitatu chakumasana minibasi inaima pamsewu, munatsika jekete ndi kofia. Che Daudi, tambala wamkulu wofiira ali kukhwapa, Yusufu akuwatsogolera kwathu. Anakhala pamkeka, analonjera aliyense mpaka ana, kenako anapisa m'thumba n'kuika foni yanga patsogolo panga. Ndinakuwa, ndinaikumbatira, ndinaipsompsona pamaso pa akuluakulu. Iwo sanaseke. Anakankhira tambala uja kwa ine.

"Mama, ndabwera kudzapepesa. Foni yanu ndaiononga."

Nkhani yake inali yotere. Pa kaokala paja mafoni a anthu obwera limodzi amawamanga ndi labala imodzi n'kuwaika m'kajumbo kamodzi. Mayi uja anatiyesa bambo ndi mwana wawo, ndiye Che Daudi atabwera anangowapatsa kajumbo, iwo n'kuponya m'jekete osayang'ana. Anadzazindikira atafika kwawo ku Nsamala.

"Ndinati ndiyatse kuti ndipeze nambala ya amayi anu," anatero. "Koma pamudzi pathu pali pachigwa, netiweki timakaipeza pachulu cha kuseri kwa dimba. Ndiye poyatsa paja ana anaona zithunzi. Eee, mama, mwayenda inu! Tinayala mkeka pansi pa mango. Kunabwera achemwali anga, amake Yusufu, kunabwera oyandikana nawo, ngakhale amwalimu anadzasuzumira. Tinayambira koyambirira kwenikweni kuti tisaphonye kanthu. Masitepe oyenda okha aja tinawabwereza kanayi."

"Nyanja munaiona?" anafunsa Jafali.

"Tinaiona! Madzi opanda tsidya!"

Ndinamuyang'ana Jafali mwamatama, koma maganizo anali pa kanema wa Mariamu. Ndinafunsa chifukwa chimene sanapitire kuchulu tsiku lomwelo.

"Tinati timalize kaye kuonera, mwini wake sathawa. Moto unatithera, mawa lake tinakatchajitsa pa sola ya aneba n'kupitiriza. Ndiye tinafika pa kanema wina, pachikuto pake pali mpongozi wathu Mariamu, atagona pabedi la chipatala. Mwana wina amati adine, amake Yusufu anamumenya padzanja. Anati iyi ndi nkhani ya banja, tidikire akuluakulu abwere kuchokera kumunda tionere pamodzi. Ine ndinati podikirapo ndithamangire kuchulu ndikakuuzeni kuti foni ili m'manja abwino. Ndangokwera pamwamba, netiweki yangolowa, foni inanjenjemera n'kuzima yokha. Poyakanso inali ikundilonjera m'Chingerezi ngati sitinaonanepo. Zithunzi zonse, mbee! Wallahi sindinadine paliponse. Amayi aja anandikalipira mpaka madzulo."

Ndinaseka mpaka misozi, ndinaseka mogwira nthiti, anthu n'kumayesa ndapenga ndi chisoni. Sindikanalola bambo wamkulu abwerere ndi mlandu umene sanapalamule, choncho ndinawauza kuti wofufuta ndine, ndili pa Balaka, tsiku lomwelo. Anayang'ana foni, anayang'ana ine.

"Inu muli uko, foni ili m'manja mwanga?"

"Eya."

"Ndiye munatiyesa akuba?"

"Sindinadziwe kuti ili kwa inu, malume."

Ndinanena zoona, koma mumtima ndinadziwa kuti ndikanadziwa kuti ili kwa iwo ndikanadina msanga kuposa pamenepo. Ku Durban foni ndinkaibisa m'kamisolo poopa atsotsi. Kwathu kuno munthu akwera minibasi kuchokera ku Nsamala, pa ndalama yake, ndi tambala wake, kudzakubwezera foni yako. Koma asanabweze aonera zonse, iye ndi mudzi wake, ndipo saonapo cholakwa chifukwa ndinu amodzi. Ndinawakonda anthu akwathu tsiku limenelo kuposa kale lonse, ndipo madzulo ake ndinaika loko. Amayi atafunsa manambala ndinawauza kuti akafuna kuimba azindiitana. Anandinena masiku atatu.

Tambala tinapha, Che Daudi anadya monga mlendo. Akusamba m'manja anatembenukira kwa ine, Yusufu ali pomwepo.

"Koma mama, mpongozi wathu anadwala chiyani?"

"Ali moyo, ali bwino, akugwira ntchito," ndinayankha. "Zotsalazo ndi mawu ake, ndipo pakamwa ali napo."

Anandiyang'ana, anagwedeza mutu pang'onopang'ono, sanafunsenso. Yusufu ankangopinda ndi kupindula kofia yake.

Atangonyamuka ndinapempha nambala ya Mariamu kwa amayi ake, ndinagula mayunitsi n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Ndinamuuza zonse, kuyambira kanema amene sindinafufute mpaka pachulu. Ndinapepesa. Ndinamuuza kuti mawu ake palibe amene wawamva, koma bedi aliona, ndipo kudikira kutha kwa chaka sikuthekanso.

"Iwe Hawa ndiwe chitsiru," anatero. "Dula, ndimuimbire mwamuna wanga."

Shopu ya Yusufu imaonekera pakhonde pathu. Ndinamuona akuimitsa makina, akuika foni kukhutu, akutuluka n'kukaima pansi pa mtengo wa kesha kuseri. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pa fumbi, osasamala za buluku lake loyera. Ine ndinkasenda chinangwa, ndinasenda chimodzi mpaka chinatsala ngati chala. Dzuwa litapendeka ananyamuka, anadzikuntha fumbi, anatseka shopu n'kuwoloka msewu kulunjika kwathu. Maso ake anali ofiira. Ndinaimirira, mpeni uli m'manja, ndikudikira kumva kuti banja la mnzanga latha.

"Achemwali," anatero, "pasipoti ndili nayo, koma sindinayendepo. Basi yopita kumene kuli Mariamu imakwereredwa pati?"